Saima Abisa Kalata M'jombo

Saima Koskela anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Anali ndi mano anayi atsopano. Anali mano otafunira, a kumbuyo kwenikweni. Awiri anali m'mwamba. Awiri anali m'munsi.

Saima sankafuna kuti munthu awakhudze manowo. Sankafuna ngakhale pang'ono.

Ine ndine Mayi Lahti. Ndimagwira ntchito mu ofesi ya sukulu yathu. Ndimayankha foni. Ndimasunga makalata. Ndimapukuta mamina a ana a eni. Ana amati ndine wolongolola. Sakunama ayi.

Saima ndimamudziwa bwino. Amakhala ndi adadi ake, awiriwiri. Adadi akewo ndi Bambo Koskela. Amayendetsa chigalimoto chokankha chipale chofewa mumsewu. Ndi munthu wamtali, wandevu zambiri. Saopa mphepo. Saopa phiri. Saopa ngakhale chimbalangondo.

Koma tangotchulani dokotala wa mano. Munthu wamkuluyo thukuta kamukamu!

Ali mwana, mano awo atatu anabooka. Onse atatu anazulidwa. Nkhani imeneyi ankaikamba kawirikawiri pa nthawi ya chakudya.

"Makina ankalira kuti zwiii!" ankatero. "Jakisoni wake anali wotalika chonchi!"

Ankatero akuseka. Saima sankaseka nawo. Ankangogwira tsaya lake.

Kwathu kuno dokotala wa mano ali kutali. Ndi ulendo wa maola awiri, kuseri kwa phiri. N'chifukwa chake basi ya mano imabwera kusukulu. Imabwera kamodzi pa chaka. Kamodzi kokha.

M'basimo muli mpando waukulu. Muli nyali. Mulinso Mayi Ortega, namwino wa mano. Iwo amamata mano a ana ndi utomoni woyera. Amawamata kuti asabooke.

Koma pali lamulo. Mwana aliyense amatenga kalata ya chilolezo. Kholo limasaina. Mwana amabweza kalatayo kwa ine. Popanda kalata, palibe kukhala pampando uja.

Saima anatenga kalata yake. Anaipinda kamodzi. Anaipinda kawiri. Anaipinda mpaka inachepa ngati bisiketi. Kenako anailowetsa m'jombo yake yoyendera pa chipale. Anaibisa pansi pa kansalu kofunda ka m'kati.

"Adadi saiona," anatero mumtima. "Palibe amene andikhudze."

Kalata inakhala m'jombo masiku asanu. Ine osadziwa kanthu. Ndinkangoti a Koskela atanganidwa ndi misewu.

Lachiwiri m'mawa basi ya mano inafika. Chipale chinayambanso kugwa. Chinkagwa pang'onopang'ono, ngati ufa.

Mayi Ortega analowa mu ofesi. Anakung'untha chipewa chawo. Anasuzumira pazenera.

"A Lahti, mitambo iyi sindikuikonda," anatero. "Ndinyamuka 1 koloko. Ndikachedwa, msewu wa kuphiri utsekeka."

"Makalata ndili nawo khumi," ndinatero.

"Ndiye tithamange."

Poyamba analowa m'kalasi ya Saima. Ananyamula chidzino chachikulu cha pulasitiki. Ine ndinaima pakhomo ndi mndandanda wa maina. Ana anaseka chidzinocho. Saima sanaseke.

"Taonani pamwamba apa," anatero Mayi Ortega. "Mukuona timing'alu iti?"

"Eee!" anayankha ana.

"Mano anu otafunira alinso ndi timing'alu totere. Chakudya chimabisalamo. Mswachi sufikamo bwino. Tizilombo timabwera kudzadya. Tikatero, timaboola dzino."

"Ndiye inu mumatani?" anafunsa Tessa, mnzake wa Saima.

"Ndimatseka timing'aluto ndi utomoni. Chakudya chimasowa pobisala. Tizilombo timasowa polowera."

Kenako anakweza chala.

"Mvetserani bwino. Mano oyamba amagweluka, ena n'kumera. Koma akumbuyowa ayi. Awa ndi omaliza. Limodzi likaola, silimeranso lina."

Saima anaganizira mano ake. Anayendetsa lilime kumbuyo. Anapeza dzino latsopano. Anamva kamng'alu. Kanali kakuya. M'kati mwake munali kachidutswa ka buledi wam'mawa.

Anakankha ndi lilime. Sikanachoke. Anakankhanso. Sikanachoke.



Ndinaitana dzina loyamba. "Tessa!"

Tessa anavala jekete n'kutuluka. Saima anatchera khutu. Ankadikira kumva kukuwa. Ankadikira kumva makina. Sanamve kanthu.

Patapita kanthawi, Tessa anabwerera. Ankayenda monyada. Saima anamukoka malaya.

"Akubaya jakisoni?" ananong'oneza.

"Jakisoni wa chiyani iwe?"

"Nanga makina aja olira kuti zwiii?"

"Kulibeko zimenezo. Amangopaka. Ngati penti ya zikhadabo."

"Bodza!"

"Ndiname kuti ndipeze chiyani? Taona."

Tessa anayasamula. Mano ake akumbuyo anali osalala. Anali oyera mbee. Magazi panalibe.

"Sizikuwawa?"

"Olo pang'ono. Kungowawasa basi. Iwe ulowa nthawi yanji?"

Saima anayang'ana pansi.

"Iii, Saima! Usandiuze kuti ulibe kalata!"

"Usakuwe!"

"Wamantha iwe! Ndiye udikira chaka chamawa. Chaka chonse! Tizilombo tichita phwando m'kamwa mwakomo."

Saima anayendetsanso lilime. Kachidutswa kaja kanali pomwepo. Chaka chonse ndi masiku ambiri.

Nthawi inakwana 11 koloko. Ndinamva kugogoda pachitseko changa. Go, go. Kunali kugogoda kwamanyazi.

Anali Saima. M'manja ananyamula jombo imodzi.

"Jombo zimakhala pakhonde, mayi," ndinatero. "Ofesi yanga si khola."

"Mayi Lahti," anatero. "Kalata yanga ili umu."

"Muti?"

"M'jombomu."

Ndinavula magalasi. Ndinawavalanso. Ndakhala mu ofesi muno zaka makumi awiri. Ndaonapo kalata yodyedwa ndi galu. Ndaonapo kalata yogwera mu supu. Koma ya m'jombo inali yoyamba.

Saima anapisa dzanja. Anatulutsa kanthu kotuwa, konyowa. Tsiku ndi tsiku chipale chinkalowa m'jombomo n'kusungunuka. Ndinayesa kutambasula kalatayo. Inanyenyeka ngati buledi wonyowa. Za fungo lake tisakambe.

"Adadi ako anasaina?" ndinafunsa.

"Sanaione n'komwe."

"Mwana iwe! Masiku asanu ukuponda kalata ya sukulu?"

Ndinakwiya, sindibisa. Ndinatsegula pakamwa kuti ndilongolole. Koma ndinaona misozi. Mkwiyo wanga unathera pakhosi.

"Ndimaopa," anatero Saima. "Ndimayesa andizula ngati adadi. Pano ndikufuna andimate. Muli kamng'alu, Mayi Lahti. Kakuya."

Ndinatsegula kabati. Ndinatenga kalata ina yatsopano.

"Ndisaine ndekha?" anafunsa Saima. "Ndimatha kulemba dzina la adadi."

"Iwe, ukufuna andichotse ntchito?"

"Ndiye sainani inuyo."

"Ine si kholo lako. Oyenera kusaina ndi adadi ako basi."

Ndinaimba foni ya Bambo Koskela. Sinalowe. Ndinaimbanso. Sinalowe. Kuseri kwa mapiri athu foni sigwira.

Ndinaimba ku ofesi ya misewu.

"Chonde, apezeni a Koskela pa wailesi yanu," ndinatero. "Auzeni abwere kusukulu msanga. Ndi za mwana wawo."

"Ali kutali, mayi. Ali kumsewu wa kumigodi."

"Yesani, bambo. Yesani!"

Ndinamugwira dzanja Saima. Tinapita kubasi. Mayi Ortega anamvetsera nkhani yonse. Sanakalipe. Anagwada n'kumuyang'ana m'maso.

"Pepa, Saima," anatero. "Popanda dzina la kholo papepala, sindingakhudze dzino lako."

"Ngakhale limodzi?"

"Ngakhale limodzi."

"Adadi akubwera."

"Akafika 1 koloko isanakwane, ukhala womaliza. Akachedwa, ine ndapita."

Tinabwerera ku ofesi. Saima anaima pazenera. Chipale tsopano chinkagwa kwambiri. Sichinalinso ngati ufa. Chinakwirira msewu. Chinakwirira theka la mpanda.

Ndinaitana mwana wachisanu. Ndinaitana wachisanu ndi chimodzi. Ana ankapita. Ana ankabwerera. Foni yanga inali zii.

Nthawi inakwana 12 koloko. Belu la chakudya linalira. Ana anathamangira kukadya. Saima sanasunthe.

"Pita ukadye," ndinatero.

"Sindikumva njala."

"Kuyang'ana msewu sikubweretsa galimoto."

"Ndikudziwa."

Anapitiriza kuyang'ana. Nanenso ndinkayang'ana, ngakhale ndinkanamizira kulemba.

Foni inalira. Tonse tinadzidzimuka. Anali a ku ofesi ya misewu.

"Tawapeza, mayi. Atembenuka. Koma msewu ndi woipa."

"Afika nthawi yanji?"

"Zimenezo ndiye sindingalonjeze."

Ndinayang'ana wotchi ya pakhoma. Kunatsala theka la ola. Mwana wachisanu ndi chinayi anabwerera. Ndinaitana mwana wakhumi. Mndandanda unatha.

Kunatsala mphindi khumi ndi zisanu. Mwana wakhumi anatuluka m'basi. Mayi Ortega anayamba kulongedza. Anakulunga chingwe cha magetsi. Anapukuta galasi la kutsogolo.

"Akupita," anatero Saima. "Mayi Lahti, akupita!"

"Sanapite."

"Adadi safika."

Ndinangomusisita pamutu.

Kunatsala mphindi khumi. Kunja kunali koyera kokhakokha. Kenako Saima anakanikiza mphuno pagalasi.

"Nyali!" anakuwa. "Nyali yachikasu!"

Kutali kunkaphethira kanyali. Kanazima. Kanayaka. Kanakula. Kenako tinamva phokoso. Gwiii, gwiii! Chigalimoto chinatulukira. Chinkaponya chipale kumbali.

Saima anavala jombo zake. Anavala jekete akuthamanga. Ine ndinatsomphola kalata yatsopano ija n'kumutsatira.

Bambo Koskela analumpha pansi injini ikulira. Ndevu zawo zinali zitayera ndi chipale. Maso awo anali tong'o. Anamunyamula Saima m'mwamba. Anamutembenuza uku ndi uku.

"Wavulala pati? Wagwa? Mwendo? Mutu?"

"Sindinavulale, adadi."

"Nanga chavuta n'chiyani? Andiuza kuti ndithamange!"

Apa ndiye ndinachita manyazi. Uthenga wanga unali woperewera. Munthu anayenda msewu wonse mtima uli m'mwamba.

"Pepani, a Koskela," ndinatero. "Mwana ali bwino. Saima, auze wekha."

Saima anayang'ana jombo zake.

"Adadi, ndinabisa kalata ya mano. Ndinaibisa m'jombo. Masiku asanu."

"M'jombo?"

"Eee. Ndimaopa makina aja. Aja mumanena aja."

Bambo Koskela anamutsitsa pansi pang'onopang'ono. Anayang'ana basi. Anayang'ana mwana wawo.

"Ndiye pano ukufuna chiyani, mwana wanga?"

"Ndikufuna andimate. Chonde sainani. Akunyamuka 1 koloko!"

Ndinawapatsa kalata. "Apa, a Koskela. Dzina ndi tsiku."

"Cholembera?"

Ndinapisa m'thumba. Munalibe. Ine wa mu ofesi, kuiwala cholembera! Bambo Koskela anatulutsa chawo m'thumba la kunja kwa jekete. Anatsamiritsa kalata pachitseko cha galimoto. Analemba. Palibe chinaoneka. Analembanso. Palibe.

"Inki yaundana," anatero. "Chazizidwa."

"Ndikatenge changa!" ndinakuwa.

Ndinatembenuka kuti ndithamange. Ndinaterereka. Ndinakhala pansi m'chipale, khu! Palibe amene anaseka. Nthawi yoseka panalibe.

"Ndipatseni!" anatero Saima.

Anatenga cholembera chija. Anachiuzira mpweya wofunda. Anachilowetsa m'kati mwa jekete, kukhwapa. Anachipanikiza zolimba.

Kumbuyo kwathu injini ya basi inalira.

"Funda, funda, funda," ananong'oneza Saima.

Anachitulutsa. Adadi ake anayesa pakona ya pepala. Palibe. Anayesanso. Kamzere kabuluu kanaoneka!

Analemba dzina msangamsanga. Saima analanda kalata. Anathamangira kubasi. Chipale chinkamufika m'maondo. Anagwa. Anadzuka. Kalata anaikweza m'mwamba kuti isanyowe. Anamenya chitseko cha basi.

Mayi Ortega anatsegula. Anawerenga kalata. Anayang'ana wotchi yawo. Kenako anayang'ana kuphiri. Phiri silinkaoneka n'komwe.

"Kwatsala mphindi zitatu," anatero. "Mano anayi amafuna mphindi makumi awiri. Saima, msewu sundidikira."

Saima anagwetsa nkhope. Koma adadi ake anali atafika kumbuyo kwake.

"Mayi, msewu ndi ntchito yanga," anatero. "Matani mano a mwanayu. Ine ndikutsogolerani mpaka mutatsika phiri."

"Mukunena zoona, bambo?"

"Zoona. Muzingotsatira nyali yanga."

Mayi Ortega anazimitsa injini. Analumikizanso chingwe cha magetsi.

"Lowa, Saima. Thamanga."

Saima analowa. Anavula jekete n'kundipatsa. Ine ndinadzipanikiza pakona. Saima anakwera pampando waukulu uja. Mpando unapendekeka. Nyali inayaka pamwamba pake. Anagwira zolimba m'mbali mwa mpando.

Bambo Koskela anatsalira panja.

"Adadi, lowani."

"Ndi... ndikaone kaye galimoto."

"Adadi."

"Muli mothina, mwana wanga."

"Adadi, ndikuopa. Dzandigwireni dzanja."

Munthu wamkulu uja anapuma mozama. Anawerama. Analowa. Anatseka chitseko. Anagwada pambali pa mpando. Anagwira kadzanja ka Saima.

"Tamvera, Saima," anatero Mayi Ortega. "Pali lamulo limodzi. Dzino likhale louma. Malovu akalikhudza, utomoni sugwira. Tiyambiranso. Ndipo nthawi yoyambiranso tilibe. Usatseke pakamwa. Lilime likhale phee."

Saima anagwedeza mutu. Anayasamula.

Mayi Ortega anatsuka dzino loyamba. Anaika thonje uku ndi uku. Anapaka mankhwala abuluu, owawasa. Anawatsuka ndi madzi. Kenako anatenga kampope kouzira mphepo.

Fuuu!

Bambo Koskela anadzambatuka. Mutu wawo unagunda denga. Gu! Saima anadzidzimuka. Anatseka pakamwa.

"Ayi!" anatero Mayi Ortega. "Lanyowa."

Panja mphepo inkagwedeza chitseko. Misozi inalengeza m'maso mwa Saima.

"Pepani," anatero. "Ndalakwitsa."

"Walakwitsa si iwe," anatero adadi ake. Anagwadanso. Ankasisita pamutu pawo. "Ndine. Ndimakuopseza ndi nkhani zanga zija. Ndimayesa ndikukuseketsa. Pepa, mwana wanga."

"Inunso mukuopa, adadi?"

"Kwambiri. Taona thukutali."

"Ndiye tsinzinani."

"Ayi, sinditsinzina. Ndiziyang'ana iwe. Iwenso uziyang'ana ine."

"A Koskela," anatero Mayi Ortega, "denga langa ndi limodzi lomweli. Mukhale pansi."

"Ndakhala, mayi. Sindisunthanso."

Anayambiranso. Thonje latsopano. Mankhwala owawasa. Madzi. Fuuu!

Saima sanasunthe. Adadi ake sanasunthe.

Mayi Ortega anatenga kaburashi kakang'ono. Anapaka utomoni woyera. Utomoni unalowa m'timing'alu tonse. Kenako anayatsa kanyali kabuluu.

"Kanyali aka kamaumitsa utomoni," anatero. "Bambo, werengani mpaka makumi awiri."

"Chimodzi, ziwiri, zitatu..." anayamba Bambo Koskela. Mawu awo anali okhuthala. Saima ankawayang'ana m'maso. Malovu ankadzaza pansi pa lilime. Kachubu ka Mayi Ortega kankawayamwa. Lilime linkafuna kusuntha. Saima analiletsa.

"...makumi awiri!"

Mayi Ortega anagogoda dzino ndi kachitsulo. Ke, ke.

"Lauma. Limodzi latha."

Dzino lachiwiri linayenda bwino. Thonje. Mankhwala. Madzi. Mphepo. Utomoni. Kanyali.

"Awiri atha."

Dzino lachitatu linali la m'mwamba. Khosi la Saima linatopa. Nsagwada zinatopa. Anafinya dzanja la adadi ake. Adadi ake anawerenga mokweza.

"Atatu atha."

Linatsala limodzi, la m'munsi. Linali lija la kamng'alu kakuya. Mayi Ortega analitsuka bwinobwino. Analiyang'ana nthawi yaitali. Anabweretsa nyali pafupi. Analiyang'ananso.

"Chavuta n'chiyani, mayi?" anafunsa Bambo Koskela. "Labooka kale?"

Maso a Saima anakula.

"Ayi," anatero Mayi Ortega. "Silinabooke. Koma kamng'alu aka n'kakuya ndithu. Ndasangalala kuti sikadikira chaka chamawa."

Anaika thonje. Anapaka mankhwala. Anatsuka. Anaumitsa. Pomwepo mphuno ya Saima inayamba kuyabwa. Inakwinyika. Ankafuna kuyetsemula!

"Gwira, Saima," anatero Mayi Ortega. "Gwira pang'ono."

Adadi ake anaika chala pansi pa mphuno yake. Anakanikiza pang'ono. Utomoni unalowa. Kanyali kanayaka. Bambo Koskela anawerenga. Ine ndinawerenga nawo. Saima anafiira nkhope yonse.

"...makumi awiri!"

Ke, ke.

"Lauma! Anayi atha!"

Mayi Ortega anachotsa thonje. Saima anayetsemula. Etsi! Anayetsemulira m'ndevu za adadi ake. Apa ndiye tonse tinaseka. Tinaseka mpaka misozi.

Saima anayendetsa lilime kumbuyo. Ponse panali posalala. Kamng'alu kaja kanalibepo.

"Koma mswachi usausiye," anatero Mayi Ortega akulongedza. "M'mawa ndi madzulo."

"Sindiusiya. Zikomo, Mayi Ortega."

Tinatuluka panja. Chipale chinali chikugwabe. Injini ya basi inalira. Bambo Koskela anavala magolovesi. Saima anawakoka jekete.

"Adadi, mwakwiya?"

"Pang'ono. Tikambirana kunyumba."

"Chabwino."

Bambo Koskela anayenda masitepe awiri. Kenako anabwerera. Anagwada m'chipale.

"Tayasamula ndione."

Saima anayasamula kwambiri. Adadi ake anasuzumira. Analoza ndi chala, osakhudza.

"Limodzi. Awiri. Atatu. Anayi."

Maso awo ananyowa. Sichinali chipale ayi.

"Onse alipo, mwana wanga," anatero. "Onse ndi athunthu."

Anamukumbatira zolimba. Saima anabisa nkhope m'jekete yawo. Kenako Bambo Koskela anakwera chigalimoto chawo. Anayatsa nyali yachikasu. Anayamba kutsegula msewu, basi ikutsatira pambuyo.

Saima anabayibitsa mpaka nyali inasowa. Kenako anandiyang'ana.

"Mayi Lahti, pano ndikumva njala."

"Tiye, mayi," ndinatero. "Ukatafune."